Thandizo la boma kwa alimi ogwa m'ngozi kuno ku Mangochi: ndalama inabwera koma inafika itaonda

Ndakhala ndikufuna kulemba izi kwa nthawi ndithu koma ndimaopa kuti anthu anena kuti awa atumidwa ndi andale. Ayi ndithu, ine ndine mwana chabe wa amayi ena omwe analandira nawo thandizo la njala lija, foni yawo ndimagwira ndine, pini ndimaidziwa ndine, pa layini ndinaima nawo ndine. Nde ndikungofuna ndifotokoze mmene chinthuchi chimayendera ukachionera pafupi, zokoma zake ndi zomwe zinandiwawa, ngati mmene munthu amafotokozera za malo omwe wadyako nsima.

Kwathu ndi mbali ya ku Malombe, ukachoka pa Boma kutsata msewu wa ku Liwonde kenako n'kukhota kulowa m'fumbi. Ine ndimakhala pa Boma, ndimagulitsa usipa wouma ndi tina ndi tina, koma kulima ndimalima kumudzi limodzi ndi amayi, omwe akulera zidzukulu zinayi, ana a malemu achemwali anga. Minda ndi iwiri, wa kumtunda wa chimanga ndi nandolo, ndi kadimba ka kumunsi kufupi ndi madzi komwe timathawira chaka chikavuta.

Nde 2024 inatichita zomwe ine sindinaonepo chibadwire. Tinadzala mu Disembala 2023, fetereza thumba limodzi lokha lomwe tinalipeza molira chifukwa kumbukirani Novembala yemweyo kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti ndipo chilichonse m'sitolo chinadumpha usiku umodzi. Chimanga chitafika m'chiuno mvula inangoti zii. Kumwamba kuli mbee masabata ndi masabata, masamba kupotana ngati anyezi, ngayaye kutuluka koma kubereka ayi, ntchemberezandonda nazo n'kudzamalizitsa zotsalazo. A zanyengo ankati ndi El Niño. Koma chodabwitsa nachi, pomwe kumtunda kukupsa choncho nyanja inali ikudzaza, madzi a mvula ya kumpoto onse kutsikira kwa ife, pofika Epulo malo ambiri ogona alendo m'mbali mwa nyanja anali m'madzi, nyumba za anthu nazo, mkangano wa zitseko zotsekera madzi a mtsinje wa Shire pa Liwonde uja munaumva nonse pa wailesi. Kadimba kathu kanasanduka posambira mvuu. Munda wina wafa ndi dzuwa, wina wafa ndi madzi, chaka chimodzi chomwecho. Tinakolola matumba awiri osadzadza pamalo pomwe timapeza khumi ndi awiri chaka chabwino.

Pa 23 Malichi 2024 a Chakwera, omwe anali pulezidenti nthawi imeneyo, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ndi malo a ngozi. Kenako gulu lija la MVAC lomwe limayenda kuwerengera za njala linati anthu 5.7 miliyoni adzafunika chakudya kuyambira Okutobala 2024 mpaka Malichi 2025. Pologalamu yogawa thandizo la njalali imayendetsedwa ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA limodzi ndi makhonsolo ndi mabungwe othandiza, ndipo muyezo wake ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa banja pa mwezi, kapena ndalama yoti ugule thumbalo wekha. Madera ena amalandira chimanga, ena ndalama. Amayi anagwera ku ndalama ya pa foni, malume anga a ku Namwera anagwera ku chimanga, nde ndinaona mbali zonse ziwiri.

Tiyambe ndi kalembera chifukwa apa ndi pomwe pamadukira chibale. Anthu ambiri a m'tauni amaganiza kuti aliyense amene munda wake wafa amalembedwa. Sichoncho. Nambala imachokera kumtunda, mudzi umangouzidwa kuti inu malo anu ndi akuti, pezani anthu. Tsono mudzi wonse sunakolole, malo ndi ochepa, mukuona kale mmene msonkhanowo ungakhalire. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pa bwalo la sukulu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, a komiti ya ngozi ali pa benchi ndi kope lawo, alangizi pambali, amfumu pa mpando. Amayamba ndi okalamba, olera ana amasiye, odwala matenda a mgonagona, aulumali, dzina likatchulidwa gulu livomereze kapena likane. Ndipo anthu amakana mopanda manyazi, amvekere awa ayi, ali ndi mwana ku Joni amawatumizira. Kuno ku Mangochi nyumba iliyonse ili ndi wina ku Joni, koma kuti akutumiza kapena anaiwala kwawo zaka zisanu zapitazo palibe amafunsa. Ena anakanidwa chifukwa cha malata padenga, malata omwe anakhomedwa ndi malemu amuna awo kalekale, ngati malata amadyedwa.

Amayi nawo anatsala pang'ono kugwa chifukwa cha ine. Mayi wina anaimirira, akuti awa mwana wawo ali pa Boma ali ndi geni. Geni yake ya usipa wa pa mulu imeneyi kkkk. Amene anawapulumutsa ndi agogo ena oyandikana nawo omwe anangoti, "Inu amayi, ana anayi awo mukuwaona ali apowo, mwawadyetsapo kangati inu?" Gulu linaseka, dzina linalowa. Ndinakondwa inde koma pobwerera ndinayenda ndi mnzanga yemwe ali ndi ana asanu ndipo sanalembedwe poti ndi wamphamvu angathe kuchita ganyu, ganyu yake kwa ndani poti aliyense munda wafa. Sitinayankhulane njira yonse.

Chomwe ndingayamikire pa kalemberayu n'choti zinachitikira poyera, aliyense akumva. Mayina achinyengo omwe timamva m'madera ena kwathu anali ovuta kulowetsa chifukwa pamafunika chitupa cha unzika, ndipo munthu wake aoneke. Koma chitupa chomwecho chinatizunza. Simu khadi yomwe amayi amagwiritsa ntchito inalembetsedwa m'dzina langa kalekale, ndipo akuti dzina la pa chitupa ndi la pa nambala ya foni zifanane. Nde tinachita kupita pa Boma kukagula simu khadi ina, kuilembetsa ndi chitupa chawo, kubwereranso kukasinthitsa nambala pa listi. Maulendo awiri a kabaza ndalama tisanaione n'komwe. Amene muli ndi makolo kumudzi konzeranitu izi lero, nambala ikhale m'dzina lawo, musadikire tsiku la kalembera.

Kenako kudikira. Apa sindinena zambiri chifukwa palibe chochitika, mumangomva kuti mwezi uno, mwezi wamawa, kwakuti alandira kale. Matumba awiri aja anatha mu Ogasiti. Tinadya mango owiritsa aawisi, tinadya madeya omwe kale timapatsa nkhuku, amayi anayamba kuphika kamodzi pa tsiku madzulo basi. Palibe amakuuza tsiku lenileni, ndipo ichi kwa ine n'chimodzi mwa zolakwika zikuluzikulu, chifukwa munthu ukadziwa kuti ndalama ibwera pa deti yakuti umatha kukongola molimba mtima kwa mnzako kapena ku banki nkhonde, koma usakudziwa umathera kwa a katapila.

Tsiku lomwe meseji inalowa ndinali pa msika, foni ya amayi inali ndi ine poti ndinabwera nayo kudzaitchaja. Ndinawerenga kawiri. Ndalama yonse inalowa ndendende mmene analengezera pa msonkhano, osachotsapo olo tambala, ndipo apa ndiyenera kunena chilungamo, njira ya pa foniyi ndi yabwino. Palibe kalaliki wokuuza kuti saina apa koma ulandira zakuti, palibe thumba lobooledwa pakona. Kaya ndi Airtel Money kaya ndi Mpamba, ndalama imachoka uko n'kufika m'manja mwa mwini wake. Amayi nditawauza anakhala pansi kaye osayankhula, kenako amvekere tiye tikatape lero lomwe angaibweze.

Kuonda kwa ndalama kunayambira pamenepo. Nthawi imeneyo kunali vuto la mafuta lija la kumapeto kwa 2024, njinga zamoto zikugona pa filing'i siteshoni, nde kabaza yemwe timakwera pa mtengo wozolowereka anatiuza kuwirikiza kawiri, awiri kupita ndi kubwera. Tafika pa tireding'i senta, maejenti ndi atatu, anthu olandira ndi mazana chifukwa meseji inalowa kwa onse tsiku limodzi. Woyamba akuti floti yatha. Wachiwiri akuti netiweki. Wachitatu layini yafika mpaka kuseri kwa chigayo, agogo ena atakhala pa dothi, foni atazimanga pa nsonga ya chitenje, ena sadziwa n'komwe pini yawo anailemba pa kapepala n'kumupatsa ejenti kuti adinire yekha. Tinaima kuyambira cha m'ma 9 mpaka 3 koloko. Titafika kutsogolo mnyamatayo osatiyang'ana n'komwe akuti, "Mayi, ndalama yotapira ija yachotsedwa kale pa foni, koma pano mukusiya K2,000 ya floti, ndachita kukaitenga pa Boma." Ine ndinati achimwene zimenezo zalembedwa pati, iye amvekere ngati simukufuna pitani kwina, akudziwa bwinobwino kuti kwina kulibe. Amayi anandigwira dzanja, "Usakangane mwanawe, dzuwa lapita." Tinasiya. Ndinawerenga anthu omwe anali kumbuyo kwathu n'kuchulukitsa ndi K2,000, ndinangopukusa mutu.

Tsopano kumsika. Mavenda a chimanga nawo ali ndi makutu, amadziwa tsiku lolandira kuposa olandira eni ake. Chigoba chomwe dzana lake chinali mtengo wina, tsikulo chinali chitakwera, ndipo kayezedwe kake kosadzadza, chigoba chophwanyidwa pansi kuti chilowe pang'ono. Apa ndi pomwe ndinamvetsa vuto lenileni la ndalama. Mtengo wa thumba amauwerengera miyezi ingapo m'mbuyo pokonza pologalamu, koma chimanga sichidikira, nthawi ya njala chimakwera sabata ndi sabata, ndipo kumayambiriro kwa 2025 aliyense akukumbuka mmene chinathamangira. Ndalama yomwe pa pepala ndi thumba lathunthu, ife inatigulira ndowa ziwiri ndi kachigoba pamwamba, titachotsa kabaza, ejenti, chigayo, mchere ndi sopo mmodzi. Anthu asanu pa ndowa ziwiri, olo muphike kamodzi pa tsiku mwezi sukwana.

Ndipo sizinathere pompo. Madzulo ake kunabwera uthenga kuti aliyense wolandira asonkhe kangachepe kwa amfumu, akuti kagawidwe kwa omwe sanalembedwe. A boma pa msonkhano ananena momveka kuti thandizo ndi la banja lolembedwalo, kugawanitsa anthu mokakamiza ndi mlandu. Koma mudzi uli ndi malamulo ake. Ukakana, maliro akakugwera uona anthu mmene adzakhalire, ndipo kalembera wotsatira dzina lako aliyense adzalikana. Ineyo mtima wanga uli pawiri pa nkhaniyi, sindikunamizani. Kugawana ndi mnzanga wa ana asanu uja sindikuona cholakwika, amayi anamupatsa chigoba mwa okha asanauzidwe ndi munthu. Chomwe chimandinyansa ndi choti zosonkhazo zikadutsa pakhomo pa munthu mmodzi palibe amaona kuti zalowa zingati zatuluka zingati.

Malume a ku Namwera aja nkhani yawo ndi ina. Iwo analandira thumba lenileni, lolemera bwino, chimanga choyera chosafumbwa, analinyamula pa njinga yakapalasa mpaka kunyumba. Mtengo wa pa msika ukwere usakwere, makilogalamu 50 ndi 50 basi. Pamenepo ndinawasirira. Koma iwo amandisirira ine, akuti thumba lafika koma ndalama ya chigayo alibe, ndiwo alibe, anachita kugulitsako zigoba ziwiri kwa mavenda omwe amadikirira panja pa malo ogawira pa mtengo wolira kuti apeze yogayitsira. Komanso thumba silibisika, ukamadutsa nalo mudzi wonse ukuona, pofika madzulo abale onse abwera kudzakuonani. Ndipo galimoto ikalephera kukwera phiri lija mvula ikagwa, mwezi umenewo mwadikira. Kwa a ku Makanjira ndi msewu wawo uja nde sindikudziwa kuti amapirira bwanji. Mukandifunsa ine kuti chabwino n'chiti, ndinena kuti kuyambira Okutobala mpaka Disembala ndalama ili bwino, koma Januwale ndi Febuluwale pomwe chimanga chasowa ndipo mavenda akulamula, bola thumba. Zimawawa kwambiri ukamadutsa pa nkhokwe zikuluzikulu zija zili konkuno ku Mangochi uli ndi ndalama m'thumba yosakwana kugula chomwe inabwerera.

Koma nkhani yomwe yandipangitsa kulemba ndi iyi. Thandizoli amalitcha la anthu okhudzidwa ndi ngozi ndipo ambiri mwa iwo ndi alimi, koma ndi thandizo la m'mimba, si la m'munda. Palibe anabwera kudzayeza kuti amayi ataya maekala angati, fetereza wa ndalama zingati wapita pachabe, dimba lamira lalikulu bwanji. Wotaya ekala imodzi ndi wotaya maekala asanu amalandira chimodzimodzi, ngati alembedwa. Ndipo ndalamayo imafika nthawi yomwe mlimi akufunika mbewu. Ife mbewu yosunga tinadya mu Seputembala, nandolo yemwe timagulitsa kuti tigule fetereza sanabereke. Ku AIP, pologalamu ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ija, komwe thumba la fetereza linali K15,000, dzina la amayi silinatuluke chaka chimenecho, ndipo wa m'sitolo mtengo wake unali wongoyang'ana n'kudutsa. Nde mwezi wachiwiri ndalama italowa amayi anandiuza kuti, "Theka tigule mbewu, ana adya phala." Ndinawakaniza, iwo amvekere ukadya zonse lero chaka chamawa udzaimanso pansi pa mango paja kudikira anthu akuvomereze. Tinagula kapaketi ka mbewu yocha msanga ka makilogalamu awiri ndi zodzala za mbatata kwa munthu wina wa kumtunda. Fetereza tinapanga wa Mbeya uja alangizi amaphunzitsa, kusakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi kafetereza pang'ono n'kufundika m'thumba masabata atatu. Mu Disembala 2024 mphepo ya Chido inadutsa n'kusasula udzu wa pa khitchini, koma mbewu inapulumuka.

Ndiye taganizani, munthu akuchotsa chakudya m'kamwa mwa ana kuti agule mbewu, pomwe kapaketi kambewu kakanangobwera limodzi ndi ndalama yoyamba ija mu nthawi yake. Ena omwe sanathe kutero anakhala m'minda ya eni ake kuchita ganyu yopalira kuti apeze chigoba, minda yawo ikumera udzu, ndipo pokolola anali pomwe paja. Alangizi athu amayesetsa, ndimawaona pa njinga dzuwa lili pamutu, koma munthu mmodzi midzi yambirimbiri angatani.

China chaching'ono koma chofunika, akuba a pa foni. Sabata yomwe ndalama inalowa foni ya amayi inalira katatu, munthu waulemu wake, akuti ndife a ku likulu tikufuna tikulowetseni mu Mtukula Pakhomo mungotumiza ya fomu, wina akuti ndalama yanu yatsekeredwa tiuzeni pini tiitsegule. Mwamwayi foni inali ndi ine, ndinamufunsa kuti likulu lake liti, anadula. Agogo ena a mudzi woyandikana nawo anatumiza zonse. Mtukula Pakhomo ndi pologalamu ina payokha, inayambira ku Mchinji mu 2006, ndi ya mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, ndipo salowetsa munthu pa foni kapena kulipiritsa fomu. Auzeni makolo anu zimenezi mobwerezabwereza. Pini sapatsa munthu, olo ejenti.

Za madandaulo, anatiuza kuti pali komiti yolandira madandaulo ndi bokosi loponyamo makalata. Bokosi ndinaliona tsiku la kalembera. Za K2,000 ija ndinakanena kwa mmodzi wa a komiti, anandimvera bwino, analemba m'kope, mwezi wotsatira mnyamata uja anatsitsa kufika K1,000. Kaya ndi dandaulo langa kaya ndi chifukwa kunabwera ejenti wachinayi, sindingalumbire.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zitatu. Ziwiri zomwe ndachotsazo ndi za kusadziwika kwa tsiku, kuchepa kwa malo pa listi, ndi ndalama yosatsata mtengo wa chimanga. Zitatuzo ndi zoti ndalama inafikadi yonse pa foni ya mwini wake, mbuzi ziwiri za amayi sizinagulitsidwe, kwa a katapila tinapitako kamodzi kokha, ndipo ana sanasiye sukulu ngakhale amapita ndi phala lopanda shuga. Wamkulu uja analemba mayeso a Sitandade 8 chaka chimenecho.

Simu khadi ija amayi anaichotsa mu foni, anaikulunga mu kapulasitiki limodzi ndi chitupa cha unzika n'kuziika mu chitini cha pansi pa bedi, akuti ingathe msanga. Ndawauza kangapo kuti ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito aitseka ndipo tidzayambiranso za maulendo a kabaza zija, nde mwezi uliwonse ndikapita kumudzi ndimaitulutsa, kuikamo mayunitsi a K200, kuimbira malume a ku Namwera, n'kuibwezera mu chitini.